Amayi, Tadikirani Kaye

Amene akukayikira ngati amayi a ku Nkhotakota ali ndi mawu alawirire ku dooko. Maboti a chilimira akamakocheza m'bandakucha, alovi ali wefuwefu ndi ntchito ya usiku wonse, mawu amene amamveka kwambiri pamchenga ndi a amayi ogula nsomba. Amakana mtengo wa chigoba cha usipa mosaopa munthu. Amapisa dzanja pansi pa beseni kuti aone ngati nsomba zayamba kufewa, ndipo masamu a nkhuni, a thandala ndi a galimoto yopita ku Kasungu kapena ku Lilongwe amangowathera pamtima. Mwini zida amene angayese kuwapusitsa amachoka pamenepo makutu ali ngwee.

Masana a tsiku lomwelo, patsinde pa mtengo wa mango, pamakhala msonkhano wa komiti ya pa dooko, imene aliyense amangoitchula kuti BVC. Pamipando pakhala a mfumu, wapampando, mlangizi wa za nsomba ndi mlendo wochokera ku bungwe. Abambo ali pamabenchi, amayi ali pamphasa cha kumbali. Mmodzi wa iwo, yemwe uja amakalipa m'mawa, akweza dzanja, aweramako pang'ono, nayamba: "Zikomo a wapampando, pepani, ine ndimati ndinenepo za usipa umene ukumationongekera pathandala mvula ikagwa..." Pa mfundo yeniyeni sanafike. "Amayi, tadikirani kaye, zimenezo tibwerako," atero wapampando. Wina aponya nthabwala, anthu aseka, nkhani ibwerera ku maukonde oletsedwa. Patapita kanthawi bambo wina anena zomwezo za usipa wowola, anthu agwedeza mitu, ndipo mlembi azilemba m'kabuku pansi pa dzina la bamboyo.

Chithunzi chimenechi si cha dooko limodzi. Amene anakhalapo pa misonkhano ya komiti ya sukulu, ya chitukuko cha m'mudzi kapena ya ku ofesi ya kwa DC amachizindikira msanga. Chovuta chake n'chakuti palibe amene watukwana, palibe amene wathamangitsidwa, ndipo mawu oti "amayi" ndi aulemu ndithu. Mayiyo akadandaula, anzake omwe amufunsa kuti chalakwika n'chiyani.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu, chifukwa Mchewa samvetsera ali duu. Wokamba nthano amayembekeza kuti omvera azimuyankha kuti ali naye limodzi. Pa bwalo la milandu, wolankhula akamapita, anthu amaponyamo "eya", "zoona", "ndithu", ndipo mawu amenewa amamupatsa mphamvu. Amayi awiri akamakamba za maliro a mnansi amamalizirana ziganizo popanda wokwiya. Katswiri wa zilankhulo wa ku America, Deborah Tannen, analemba kwambiri za zimenezi: kulankhulira pamodzi nthawi zina ndi chizindikiro cha kugwirizana. Kudula pakamwa ndi kwina. Wodulayo amalanda bwalo, amasintha mutu wa nkhani, ndipo woyamba uja sabwereranso pamene analekezera. Muyeso wake ndi wosavuta: phokoso likatha, nkhani ili m'manja mwa yani?

Funsoli anthu akhala akuliwerengera kwa zaka pafupifupi 50. Mu 1975, akatswiri awiri a ku California, Don Zimmerman ndi Candace West, anajambula mawu a anthu akucheza m'malo omwera khofi, m'masitolo ndi m'nyumba. Pa macheza 11 a mwamuna ndi mkazi, kudulana kunachitika ka 48, ndipo ka 46 wodula anali mwamuna. Chiwerengerochi chinatchuka kwambiri, mwina mopitirira, pakuti macheza 11 ndi ochepa ngati usipa wa m'kapu. Mu 1993 Deborah James ndi Sandra Clarke anasanthula kafukufuku wambiri amene anachitika pambuyo pake, napeza kuti ochuluka sanaone kusiyana kwenikweni pakati pa amuna ndi akazi. Kenaka mu 1998 Kristin Anderson ndi Campbell Leaper anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 43. Anapeza kuti kusiyana kulipo koma n'kochepa, ndipo kumakula mukangoyang'ana kudula kolanda bwalo kuja, makamaka anthu akakhala pagulu osati awiriwiri.

Mfundo yotsirizayi ndiyo ikukhudza za pa dooko zija. Pamchenga mayi amalimbana ndi msodzi mmodzi, ndalama ili m'manja, ndipo palibe amene angamudule. Patsinde pa mango pali gulu, pali mipando, pali wolemba. Munthu ndi yemweyo, chasintha ndi malo.

Wina angaganize kuti maphunziro ndi udindo ndiwo mankhwala ake. Candace West yemwe uja anakaonera madokotala akulankhula ndi odwala, nafalitsa zotsatira mu 1984. Madokotala aamuna ndiwo ankadula odwala awo kawirikawiri, monga mmene munthu angayembekezere kwa wovala yunifolomu yoyera. Koma dokotala akakhala mkazi zinkatembenuka: odwala ndiwo ankamudula. Apanso anthu oyesedwa anali ochepa, koma zofanana nazo zinaonekanso pamalo apamwamba zedi. Mu 2017 Tonja Jacobi ndi Dylan Schweers anawerenga zokambirana za m'khoti lalikulu kwambiri la dziko la America. M'chaka cha milandu cha 2015, majaji aakazi anali atatu mwa asanu ndi anayi, koma pa kudulana konse, pafupifupi magawo awiri mwa atatu ankagwera iwo. Ngakhale maloya, amene saloledwa kudula jaji, ankawadula. Ofufuzawa anaonanso kanthu kena: majaji aakaziwo, zaka zikamapita, ankasiya mawu opempha chilolezo ndi opepesa poyamba funso, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankapatsa wodula danga. Amayi a pamphasa aja, amene analeredwa kuti mawu aliwonse pagulu ayambe ndi "pepani", ali pa msampha womwewo. Akausiya ulemuwo amatchedwa amwano. Akausunga, nthawi yawo imathera m'malonje.

Kwa asayansi nkhani imasintha maonekedwe, pakuti kumeneko kufunsa ndi kutsutsa ndiyo ntchito imene. Mu 2021 Pascaline Dupas, Alicia Sasser Modestino, Muriel Niederle ndi Justin Wolfers anafalitsa zimene anapeza atatumiza anthu kukakhala m'masemina mazanamazana a akatswiri a zachuma m'mayunivesite a ku America. Mkazi akamafotokoza kafukufuku wake ankalandira mafunso ochuluka ndi 12 pa 100 aliwonse kuposa mwamuna, ndipo mafunso onyoza kapena aukali ankamugwera iye kwambiri kuposa mwamuna. Mafunso ochuluka angaoneke ngati chidwi. Koma munthu amene wapatsidwa ola limodzi, nawonongera theka lake poyankha zapambali, amachoka asanaonetse chimene anapeza, ndipo omulemba ntchito amakumbukira kuti sanamalize.

Nkhotakota ili ndi mbiri yakeyake pa nkhani ya akazi ndi sayansi, ngakhale sitchulidwa kawirikawiri ngati ya Jumbe ndi malonda a akapolo kapena ya mtengo umene David Livingstone anakumanirana naye. Mu 1938 boma la atsamunda linayambitsa kafukufuku wamkulu wa kadyedwe ka anthu m'boma limene nthawiyo linkalembedwa kuti Kota Kota. Anasankha midzi ya kumapiri, ya m'munsi mwa mapiri ndi ya m'mbali mwa nyanja, kuti aone chimene anthu amalima, amadya ndi kudwala. Mtsogoleri anali Dr B. S. Platt. M'gulu lake munali Margaret Read, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amene anali atakhala kale pakati pa Angoni, ndi Jessie Barker, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina la Jessie Williamson. Platt ndi Read sanamvane pa ntchitoyi, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabwera, ndipo lipoti lonse silinasindikizidwe nthawi imeneyo. Mapepala ake anadzatuluka m'buku mu 1992, patapita zaka zoposa 50. Williamson ndiye anapulumutsako gawo lina: mu 1955 anatulutsa buku la zomera zothandiza za m'dziko muno, limene ophunzira za ulimi akugwiritsabe ntchito. Nzeru za m'bukumo, za ndiwo za kutchire, za mfutso, za kaviikidwe ka chinangwa cha kondowole, zambiri zinachokera kwa amayi a m'midzi amene ankaphika alendo akuyeza pa sikelo. Pachikuto cha buku lililonse la kafukufukuyo palibe dzina la mmodzi wa iwo.

Sayansi ya nsomba za m'nyanja ya Malawi nayonso inakhazikitsidwa kwakukulu ndi akazi. Mu 1939, monga mbali ya kafukufuku wa kadyedwe uja, kunabwera Kate Ricardo ndi Ethelwynn Trewavas wa ku British Museum, pamodzi ndi John Borley, kudzawerenga nsomba ndi usodzi wa m'nyanja. Lipoti lawo linatuluka mu 1942. Trewavas ndiye anapatsa mitundu ina ya chambo mayina a sayansi amene alipo mpaka lero, ndipo mtundu wina wa mbuna umatchedwa ndi dzina lake. Kuyambira 1945 mpaka 1947 kunabweranso mtsikana wa zaka za m'ma 20, Rosemary Lowe, amene anayenda ndi asodzi, kutumbula chambo chosawerengeka, mpaka anasiyanitsa mitundu yake ndi nyengo zimene umaswana. Aliyense wofufuza za chambo amayambira pa ntchito yake. Mu 1953 Lowe anakwatiwa, ndipo lamulo la boma la atsamunda linali lakuti mkazi akakwatiwa atule pansi ntchito. Anaitula. Kafukufuku anapitiriza m'njira zina mpaka anatchuka padziko lonse ndi dzina la Lowe-McConnell, koma malo ake a ntchito anawataya chifukwa cha ukwati basi. Kumeneko kunali kudula kolembedwa m'buku la malamulo, ndipo sikunafune munthu wokweza mawu.

N'zoseketsa pang'ono kuti lero, pa msonkhano wokamba za kutseka nyanja m'miyezi ya Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, pangapezeke bambo wonena kuti za m'madzi akazi sazidziwa.

Komabe tisanamizire atsamunda zonse. Pakati pa Achewa, amene ndi ambiri m'madera a mafumu ngati Malengachanzi, Mwadzama ndi Mwansambo, mtundu umatsata kuchikazi. Mudzi ndi wa mbumba, mwamuna wa chikamwini ndi wobwera, ndipo mfumu ikamwalira ntchembere zikuluzikulu za m'banjamo ndizo zimaloza wolowa ufumu. Namkungwi amamveredwa. Ku kachisi wa mvula wa ku Msinja, wolankhula m'malo mwa Chauta anali mkazi, Makewana. Choncho n'kulakwa kunena kuti mwambo sudziwa mawu a mkazi. Koma mwambo womwewo unagawa malo: mkazi amalankhula kuseri, kutsimba, kukhitchini, kusiwa, ndipo pa bwalo amamulankhulira ndi nkhoswe, mlongo wake kapena atsibweni ake. Dongosolo limeneli linali ndi nzeru yake pa milandu ya ukwati ndi ya minda, pakuti nkhoswe inkayankha kwa mbumba yake ikabwerera kunyumba. Vuto linadza pamene kakhalidwe ka pa bwalo kanasamukira ku komiti, ku ofesi ndi ku chipinda cha misonkhano. Kumeneko mayi wogulitsa nsomba alibe nkhoswe, namwino alibe nkhoswe, ndipo bambo amene walanda mawu sakayankha kwa aliyense.

Ndale zinakometsera chizolowezichi. Ndi ku Nkhotakota konkuno kumene mu 1960 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress unapatsa Dr Kamuzu Banda utsogoleri wa chipani wa moyo wonse. Iye ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi onse a m'dziko anakhala mbumba yake. Kwa zaka 30 amayi ankadzaza mabwalo, atavala nsalu za nkhope yake, akuimba ndi kuvina. Mawu awo ankamveka patali kwambiri, koma pa maikolofoni pankaima wina. Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi pa nkhondo yolimbana ndi chitaganya, atasemphana ndi Kamuzu mu Seputembala 1964 anachotsedwa pa udindo nathawira ku Zambia, kumene anakhala mpaka ulamuliro unasintha. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya K200. Ndipo chizolowezi cha amayi oimba poyamba, abambo n'kulankhula pambuyo, sichinathe ndi chipani chimodzi. Chinangosintha mtundu wa nsalu. Pa kampeni ya 2014, Joyce Banda ali pulezidenti, mawu akuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo anamveka m'misika ndi m'maminibasi ngati kuti ndi mfundo ya chitukuko.

Pa za usodzi, malire amaoneka ndi maso. Chilumba cha Mbenji, chakummwera m'boma la Salima, chimatamandidwa ndi akatswiri chifukwa mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950, boma lisanaganize za makomiti, ndipo utaka wake ndi umboni. Mwa malamulo a pachilumbapo pali loletsa mowa, loletsa njuga ndi loletsa akazi kupondapo. Amayi amadikira nsomba kumtunda. Makomiti a pa dooko anayamba mu 1993 ku nyanja ya Malombe, nsomba zitachepa koopsa, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linatsegula njira yoti anthu a m'midzi azisamalira nyanja limodzi ndi boma. Kuyambira pachiyambi, "msodzi" m'maganizo a anthu anali mwini boti ndi ukonde. Amene amawamba, kufutsa, kukazinga, kuyanika ndi kunyamula nsomba kupita nazo ku msika, omwe ambiri ndi amayi, anabwera m'makomiti ngati owonjezera.

Apa ndipo kudula pakamwa kumasanduka nkhani ya ndalama ndi chakudya, kuposa ya ulemu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene wakhala akuyanika usipa zaka 20 amadziwa mwezi umene nsomba zinayamba kubwera zazing'ono, chifukwa zimadutsa m'zala zake tsiku lililonse. Amadziwa boti limene likukokera ndi neti ya udzudzu, chifukwa timwana ta nsomba timene timakodwamo timafikira pa thandala lake. Amadziwa mtengo wa nkhuni zowambira, ndi kumene zikuchokera pamene nkhalango ya Nkhotakota ili ndi mpanda ndi asilikali ake kuyambira pamene African Parks inayamba kuiyang'anira mu 2015. Amadziwanso, ngakhale izi sazinena pagulu, za asodzi amene nsomba zikasowa amafuna thupi m'malo mwa ndalama. Wofufuza wa ku Monkey Bay kapena wa ku Bunda amene wabwera ndi mapepala a mafunso akufuna zinthu zomwezi. Akaitanitsa msonkhano wa onse pamodzi, abambo n'kuyankha mafunso onse, amabwerera ndi theka la nkhani, ndipo theka limenelo ndilo limalowa m'lipoti, lipoti n'kubala pulojekiti, pulojekiti n'kugula zinthu zimene amayiwo sanapemphe.

M'zipatala zathu kusiyana kwa amuna ndi akazi kumalukana ndi kusiyana kwa maudindo, mwakuti n'kovuta kudziwa kuti chikuluma ndi chiti. Anamwino ndi azamba ambiri ndi akazi. Amene wachezera usiku ndi mayi woyembekezera ndiye waona kuti magazi akutsika pang'onopang'ono, koma pa lipoti la m'mawa amapatsidwa mphindi zochepa, ndipo akamafotokoza mwatsatanetsatane amamva kuti "mwachidule, sisita". Kodi wadulidwa chifukwa ndi mkazi kapena chifukwa ndi namwino? Mwina zonse ziwiri, pakuti ntchito imene akazi achuluka imapeputsidwa ndi kuchuluka kwawoko. Dziko lino lili ndi akazi amene anadutsa zonsezi, monga Professor Address Malata, mzamba amene anafika potsogolera yunivesite ya MUST, ndi Dr Queen Dube, dokotala wa ana amene anakhalapo mkulu wa ntchito za umoyo mu unduna. Kukhalapo kwawo kumasintha zimene mtsikana wa sekondale ku Dwangwa angalote. Koma namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amakumana ndi lipoti la m'mawa yekha.

Palinso chida china chodulira chimene sichimveka ngati kudula: Chingerezi. Mawekishopu ambiri amachitikira m'maloji a m'mbali mwa nyanja, ndipo ngakhale oitanidwa ali a m'midzi, zolemba za pakhoma zimakhala za Chingerezi. Mayi akayamba kufotokoza m'Chichewa kapena m'Chitonga, wina wodziwa sukulu amadzipereka kuti "akuthandizeni kumasulira", nafupikitsa nkhani ya mphindi zitatu kukhala chiganizo chimodzi chimene mwini wake sakuchizindikira. Mayiyo amawomba m'manja pamodzi ndi onse, nasainira alawansi.

Malamulo alipo. Lamulo lalikulu la dziko la 1994 limaletsa tsankho, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 pa 100 aliwonse. Mabungwe ambiri amafuna kuti makomiti a m'midzi atsate muyeso wofanana nawo. Ku Nyumba ya Malamulo, aphungu aakazi anali 32 mwa 193 pa chisankho cha 2014, napitirira 40 mu 2019, chaka chimene Catherine Gotani Hara anakhala mayi woyamba kukhala Sipikala, udindo umene ntchito yake yaikulu ndi kunena amene alankhule ndi amene akhale pansi. Nkhotakota yomweyi inatumizapo amayi ku nyumbayi, monga Martha Lunji ndi Grezelder Jeffrey. Koma lamulo limawerenga mitu ya anthu, siliwerenga mphindi zimene aliyense walankhula. M'makomiti ambiri amayi amapatsidwa usungichuma, poti akuti sadya ndalama, kapena kungokhala mamembala, pamene upampando ndi ulembi, maudindo awiri amene amagwira mawu, amapita kwa abambo.

Kodi chiwerengero chilibe ntchito? Chili nayo. Bina Agarwal, katswiri wa zachuma wa ku India, anafufuza makomiti osamalira nkhalango za m'midzi ku India ndi ku Nepal, amene amafanana kwambiri ndi ma BVC athu. Anapeza kuti amayi akafika pafupifupi gawo limodzi mwa anayi kapena mwa atatu a komiti, amayamba kubwera ku misonkhano mokhulupirika ndi kulankhula, ndipo nkhalango za makomiti okhala ndi amayi ambiri zinkasamalika bwino. Mayi mmodzi pakati pa abambo khumi ndi chokongoletsera. Anayi amatha kuyang'anana m'maso, wina n'kunena kuti "mnzathuyu sanamalize". Christopher Karpowitz ndi Tali Mendelberg, m'buku lawo la 2014, anawonjezera mfundo ina imene iyenera kusangalatsa mafumu athu. Pamene gulu limagamula mwa kuvota, amayi akakhala ochepa amalankhula pang'ono ndipo amadulidwa mwachipongwe. Pamene gulu liyenera kugwirizana lonse, amayi ochepa omwewo amalankhula kwambiri, chifukwa mawu a aliyense akufunika. Bwalo la makolo linkafunafuna kumvana kwa onse. Kukweza manja n'kuwerenga, kumene kunabwera ndi makomiti, kumalola kuti ambiri apitirire popanda kumva ochepa.

Njira yotchipa kuposa zonse inapezeka mu 2018. Alecia Carter ndi anzake anawerenga amene amafunsa mafunso m'masemina pafupifupi 250 m'mayiko 10. Amuna ankafunsa kwambiri kuposa akazi, kuposa mmene chiwerengero chawo m'chipindamo chinalili. Koma funso loyamba likachokera kwa mkazi, kusiyanako kunkatha pafupifupi konse. Wapampando wa pa dooko safuna thandizo la bungwe lililonse kuti aloze kaye dzanja la pamphasa. Mlembi naye angathe kulemba mfundo pansi pa dzina la amene anaiyambitsa. Wofufuza wanzeru amakumana ndi amayi paokha, pafupi ndi mathandala awo, asanaitanitse msonkhano wa onse. Ku Nkhotakota Community Radio, kumene anthu amaimba foni pa mapulogalamu a usodzi ndi ulimi, muulutsi ndiye ali ndi batani, ndipo angathe kumusunga mayi pa mzere mpaka atamaliza, malinga ngati mayunitsi sanamuthere.

Abambo ena amayankha kuti nawonso amadulidwa, ndipo sakunama. Mlovi sangamalize chiganizo pamaso pa mwini boti, mnyamata sangatsutse mkulu, mlangizi wa kumudzi amadulidwa ndi bwana wochokera ku Capital Hill. Palinso amayi amene akakhala pampando amadula anzawo mwankhanza kuposa bambo aliyense, ndi apongozi amene amatsinya diso mtengwa akakweza dzanja. Zonsezi zikuonetsa kuti kudula kumatsata mphamvu. Koma mlovi akadzagula boti lake anthu amayamba kumumvera, ndipo mnyamata amakula. Zimene West anaona kwa madokotala ndi zimene Jacobi anaona kwa majaji zikusonyeza kuti mkazi amatha kukwera mpaka pamwamba penipeni, kudulidwako n'kukwera naye limodzi. Wangari Maathai wa ku Kenya anali ndi digiri ya udokotala wa sayansi pamene ankatsutsa zomanga nyumba yaitali m'paki ya Uhuru ku Nairobi mu 1989. Aphungu anamunyoza m'nyumba ya malamulo chifukwa banja lake linatha, ndipo pulezidenti Daniel arap Moi ananena poyera kuti mkazi wamwambo wa ku Africa amalemekeza amuna n'kukhala chete. Nyumbayo sinamangidwe, ndipo mu 2004 Maathai analandira mphoto ya Nobel.

Patsinde pa mango paja, msonkhano umene unayenera kuyamba 1 koloko unayamba cha m'ma 3, poti ankadikira mlendo. Mapemphero, malonje a mafumu ndi mawu a mlendo zatenga ola lathunthu. Pamene akufika pa "zina ndi zina", kumene nkhani ya amayi inakankhidwira, mitambo yayamba kuda cha kutsidya kwa Mozambique ndipo kamphepo kakununkha mvula. Amayi ayamba kunyamuka mmodzimmodzi, akuwerama podutsa pamaso pa a mfumu, kuthamangira kukaola usipa pathandala. Wapampando, amene sanaiwale lonjezo lake, atembenukira kumbali kuja nafunsa mwaulemu: "Tsopano amayi, muli ndi mawu?" Pamphasa patsala agogo awiri ndi mwana wogona. Mlembi adikira pang'ono, kenaka alemba kuti panalibe ndemanga.